Woombola Ayenera Kukhala Wachibale: Chifukwa Chake Mulungu Anakhala Munthu

Aliyense amene anaphunzitsapo kalasi ya ubatizo kapena katekisimu amalidziwa funso ili, chifukwa sililephera kubwera: ngati Mulungu ndi wamphamvuzonse, chinamuletsa n'chiyani kungolankhula ali kumwamba kuti "ndakukhululukirani", nkhani n'kuthera pomwepo? N'chifukwa chiyani panafunika miyezi 9 m'mimba mwa Maria, zaka pafupifupi 30 za moyo wamba ku Nazarete, njala, kutopa, misozi, kenako mtanda?

Mpingo unalimbana ndi funsoli zaka mazana angapo, ndipo misonkhano ikuluikulu ya mabishopu kuyambira 325 mpaka 681 inkazungulira pomwepa. Ambiri amaiona misonkhano imeneyo ngati mikangano ya anthu ophunzira olimbirana mawu a Chigiriki. Ndale zinalimo, nsanje ya mizinda inalimonso, koma pansi pa zonsezo panali funso la chipulumutso. Nthawi iliyonse munthu akachotsako kanthu pa umulungu wa Yesu kapena pa umunthu wake, ena ankaona msanga kuti chiombolo chagwa nacho.

Lamulo la pa Levitiko 25

Poyambira pabwino ndi lamulo la Aisraeli la ngongole. Pa Levitiko 25:47-55, Mwisraeli akasauka mpaka kudzigulitsa kwa mlendo wolemera, ufulu wake sunkatayikiratu. Ankatha kuomboledwa, ndipo lamulo linatchula oyenera kutero: mbale wake, bambo ake aakulu kapena aang'ono, mwana wa bambo akewo, kapena wina aliyense wa m'banja mwake. Mtengo sunali wongoganizira. Ankawerenga zaka zotsala kuti chifike chaka cha ufulu, chimene chinkabwera pa zaka 50 zilizonse; zikatsala zambiri dipo linkakwera, zikatsala zochepa linkatsika. Munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi unkaomboledwanso ndi wachibale, monga ikunenera ndime 25.

M'buku la Rute mutu 4 lamuloli tikuliona likugwira ntchito. Boazi anakhala pachipata cha mudzi ndi akuluakulu 10, n'kuitana munthu amene anali wachibale wapafupi wa Naomi kuposa iye. Munthuyo anavomera kugula munda, koma atamva kuti pamodzi ndi mundawo atenganso Rute, anabwerera m'mbuyo poopa kuononga cholowa chake. Anavula nsapato, chizindikiro chakuti wausiya udindowo. Choncho woombola ankafunika kukhala wachibale, kukhala ndi chuma chokwanira, komanso kufuna.

Vuto la mtundu wa anthu likuonekera apa. Achibale tili nawo ambiri, koma onse ali m'ngongole yomweyo. Salimo 49:7-8 imanena mosabisa kuti palibe munthu angaombole mbale wake, pakuti mtengo wa moyo ndi waukulu. Mulungu chuma ali nacho, kufuna akufuna, koma si wa magazi athu. Ahebri 2:14-17 ikuyankha kuti popeza ana ali ndi thupi ndi magazi, Iyenso anatenga zomwezo, ndipo anayenera kufanana ndi abale ake m'zonse. Katekisimu ya Heidelberg ya 1563, imene mipingo ya Reformed imagwiritsa ntchito, inaika mfundoyi m'mafunso 15 mpaka 18: mkhalapakati akhale munthu weniweni ndi wolungama, chifukwa amene anachimwa ndi munthu, komanso akhale Mulungu weniweni, chifukwa cholengedwa sichingasenze katundu wotere.

Kumene anthu anaterereka

Cholakwika choyamba chinaoneka Chipangano Chatsopano chisanathe n'kulembedwa komwe. Ena ankaona kuti thupi ndi chinthu chonyansa chimene Mulungu sangachikhudze, ndiye ankati Yesu ankangooneka ngati munthu. N'chifukwa chake 1 Yohane 4:2-3 ikuti mzimu uyesedwe pa mfundo yakuti Yesu Khristu anadza m'thupi. Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, ali pa ulendo wopita ku Roma kukaponyedwa kwa zilombo m'nthawi ya mfumu Trajan, analemba kuti Yesu anabadwadi, anadyadi ndi kumwa, anapachikidwadi. Ndipo anafunsa kuti ngati Ambuye anangooneka ngati akuzunzika, iye wamangidwiranji maunyolo.

Arius, wansembe wa ku Alexandria ku Egypt, anaterereka mbali inayo. Iye ankati Mwana ndi wamkulu kuposa zolengedwa zonse, koma ndi wolengedwa ndithu, ndipo inalipo nthawi imene kunalibe. Mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325, ndipo kumeneko kunachokera mawu amene akunenedwabe m'matchalitchi: wobadwa, wosalengedwa, wa umulungu umodzi ndi Atate. Athanasius, amene anakhala bishopu wa Alexandria mu 328, anapirikitsidwa pa mpando wake kasanu chifukwa choumirira mfundo imeneyi. Ganizo lake linali losavuta kumva: cholengedwa sichingalumikize zolengedwa zinzake ndi Mulungu. Ngati amene anabwera ndi mtumiki chabe, ndiye kuti Mulungu mwini sitinakumane naye.

Cholakwika chachitatu n'chofunika kuchedwapo, chifukwa chikadali ndi moyo m'maulaliki ambiri, ngakhale olalikirawo dzina la mwini wake sanalimvepo. Apollinarius wa ku Laodikaya anali mnzake wa Athanasius, wolimba pa umulungu wa Yesu. Iye anaganiza motere: Yesu anali ndi thupi la munthu, koma m'malo mwa nzeru ndi maganizo a munthu munakhala Mawu a Mulungu. Zikumveka zaulemu, ndipo zimathandiza kufotokoza chifukwa chake Yesu sanachimwe. Koma Gregory wa ku Nazianzus anayankha m'kalata yake kwa wansembe Cledonius kuti chimene Khristu sanachitenge sanachichize. Kodi tchimo limachokera kuti? Yesu mwini, pa Marko 7:21, akuti limachokera m'kati, mumtima mwa munthu. Ngati mbali imene inadwala kwambiri ndi imene Khristu anaisiya, ndiye kuti wachiza khungu n'kusiya chilonda. Komanso Luka 2:52 ikuti mwanayo ankakula mu nzeru, ndipo Ahebri 5:8 ikuti anaphunzira kumvera kudzera m'zowawa. Nzeru za Mulungu sizikula ndipo siziphunzira. Amene ankakula ndi kuphunzira ndi munthu. Msonkhano wa ku Constantinople wa 381 unakana chiphunzitso cha Apollinarius.

Mukamva mlaliki akuti "Yesu sanavutike ndi mayesero a m'chipululu poti anali Mulungu", kapena kuti khanda la ku Betelehemu linkangonamizira kusadziwa kulankhula, dziwani kuti Apollinarius wabwerera. Ahebri 4:15 ikuti anayesedwa m'zonse monga ife, koma sanachimwe. Mayesero osapweteka sangatonthoze munthu amene akuyesedwa.

Kenaka panabwera nkhani ya Nestorius, amene anakhala bishopu wa Constantinople mu 428. Anthu ankatchula Maria kuti Mayi wa Mulungu, iye n'kunena kuti dzina loyenera ndi Mayi wa Khristu, poopa kuti anthu angaganize kuti umulungu unayambira m'mimba mwa mkazi. Cyril wa ku Alexandria anaona ngozi ina. Ngati wobadwa mwa Maria ndi wina, Mwana wa Mulungu n'kukhala winanso amene akungokhala mwa iye, ndiye kuti pamtanda panafa munthu wamba, Mulungu akuonerera. Msonkhano wa ku Efeso wa 431 unagwirizana ndi Cyril. Kunena chilungamo, msonkhanowo sunayende bwino: Cyril anautsegula mabishopu a ku Antiokeya asanafike, ndipo Nestorius mpaka imfa yake ankakana kuti sanaphunzitsepo za ana awiri. Cyril ndi mabishopu a ku Antiokeya anayanjana mu 433. Mkanganowu ambiri amautenga ngati wokhudza ulemu wa Maria, pomwe mutu wake unali Yesu: mkazi sabereka "chikhalidwe" (umulungu kapena umunthu pawokha), amabereka mwana, ndipo mwana ameneyu ndi Mwana wa Mulungu. Ndi mfundo yomweyi imene imalola Paulo kunena pa 1 Akorinto 2:8 kuti anapachika Ambuye wa ulemerero.

Mawu anayi a ku Chalcedon

Pothawa Nestorius, Eutyches, mkulu wa amonke ku Constantinople, anapitirira malire. Iye ankati umulungu ndi umunthu zitakumana panatsala chimodzi, ndipo ankazengereza kuvomera kuti thupi la Khristu ndi lofanana ndi lathu. Anatsutsidwa mu 448, n'kubwezeretsedwa mu 449 pa msonkhano wachisokonezo wa ku Efeso umene anautsogolera Dioscorus wa ku Alexandria. Chaka chotsatira mfumu Theodosius II inagwa pa kavalo n'kufa, zinthu n'kutembenuka. Mfumu yatsopano, Marcian, inaitanitsa msonkhano ku Chalcedon, dera limene lero ndi mbali ya mzinda wa Istanbul, mu October 451. Kumeneko anawerenga kalata ya Papa Leo wa ku Roma pamodzi ndi makalata a Cyril.

Chigamulo chinali chakuti Khristu ndi mmodzi yemweyo, wangwiro mu umulungu ndi wangwiro mu umunthu, wofanana ndi Atate pa umulungu, wofanana ndi ife pa umunthu m'zonse kupatula tchimo. Ziwirizi zili mwa Iye mosasakanikirana, mosasandulika, mosagawanika, mosalekana. Mawu awiri oyambawo akutseka khomo la Eutyches: Yesu si theka Mulungu theka munthu, ndipo Mulungu sanaleke kukhala Mulungu pamene anakhala munthu. Awiri otsirizawo akutseka khomo limene ankaopera Nestorius: simungaloze n'kunena kuti apa akulira ndi munthu Yesu, apo akuukitsa Lazaro ndi Mwana wa Mulungu, ngati anthu awiri osinthana ntchito. Amene analira pamanda paja ndi yemweyo amene anafuula kuti Lazaro atuluke. Onani kuti mawu onse anayi ndi okana. Mabishopuwo sananene kuti afotokoza mmene zimachitikira. Anangoika malire a kumene munthu asapondeko.

Chalcedon inagawanitsa Mpingo, ndipo Africa inakhudzidwa kwambiri. Akhristu ambiri a ku Egypt anaona kuti kunena za makhalidwe awiri n'kumubweretsanso Nestorius pakhomo lakuseri. Mpaka lero mpingo wa Coptic, mipingo ya Orthodox ya ku Ethiopia ndi Eritrea, ya ku Armenia ndi ya ku Syria sivomereza msonkhanowo. Kuwaika gulu limodzi ndi Eutyches n'kuwalakwira, chifukwa nawonso amamukana. Mu 1973 Papa Paul VI ndi Papa Shenouda III wa mpingo wa Coptic anasainira limodzi chikalata chovomereza kuti Khristu ndi Mulungu wangwiro ndi munthu wangwiro.

Panatsala kachidutswa kamodzi. Pofuna kuyanjanitsa mbali ziwirizi, mafumu a Constantinople anayesa chiphunzitso chakuti Khristu anali ndi chifuniro chimodzi chokha. Mmonke wina dzina lake Maximus anakana, ndipo umboni wake unali m'munda wa Getsemane: pa Luka 22:42 Yesu akupempha kuti chikho chimupitirire, kenako n'kunena kuti kusachitike kufuna kwake koma kwa Atate. Pakanapanda chifuniro cha munthu mwa Iye, pempheroli likanakhala sewero. Adamu anapanduka ndi chifuniro cha munthu, choncho kumvera kunayenera kuchokeranso m'chifuniro cha munthu. Maximus anadulidwa lilime ndi dzanja lamanja, n'kufera kutali kumene anamupirikitsira mu 662. Msonkhano wa ku Constantinople wa 680 mpaka 681 unavomereza kuti ankanena zoona.

Akatolika amachita mfundo zonsezi ndi thupi pa Misa, ngakhale ambiri sazindikira. Pokonza mphatso, wansembe kapena dikoni amathira kadontho ka madzi m'chikho cha vinyo, akupemphera motsitsa mawu kuti tigawane nawo umulungu wa Khristu amene anadzichepetsa kugawana nafe umunthu wathu. Ponena chikhulupiriro, pa mawu onena za kukhala munthu kwake, anthu amawerama. Pa Khrisimasi ndi pa 25 March, tsiku lokumbukira uthenga wa mngelo kwa Maria, amagwada.

Dipo linapita kwa yani?

Marko 10:45 ikuti Mwana wa Munthu anadza kudzapereka moyo wake dipo la anthu ambiri, koma sikunena wolandira. Origen ndi Gregory wa ku Nyssa, aphunzitsi akale a Mpingo, ankaganiza kuti linapita kwa Satana, amene anagwira anthu ukapolo. Gregory wa ku Nazianzus anakana: chigawenga chingalandire bwanji malipiro, malipiro akenso n'kukhala Mulungu mwini? Anselm, bishopu wamkulu wa Canterbury, analemba mu 1098 kuti ngongole ili kwa Mulungu; munthu ndiye ayenera kubweza koma sangathe, Mulungu angathe koma alibe ngongole, ndiye pafunika amene ali zonse ziwiri. Peter Abelard, amene anamwalira mu 1142, anatsindika kuti mtanda umaonetsa chikondi chimene chimasintha mtima wa wouyang'ana. Martin Luther ndi John Calvin, atsogoleri oyambirira a Achiprotestanti, anatsindika kuti Khristu anasenza chilango chathu, potsata Yesaya 53.

Palibe msonkhano wa Mpingo wonse umene unasankhapo mafotokozedwe amodzi mwa amenewa, ndipo mwina n'zabwino, chifukwa Baibulo lenilenilo limalankhula za nsembe, dipo, chigonjetso, chiyanjano ndi mlandu wothetsedwa. Choyenera kusamala ndi chithunzi cha Atate olusa amene akufuna magazi, Mwana wachifundo n'kulowa pakati kuti awaziziritse mtima. Chithunzi chimenechi chimagawa Mulungu pawiri, ndipo Nicaea inachikana kale. Pa 2 Akorinto 5:19 akuti Mulungu anali mwa Khristu akuyanjanitsa dziko kwa Iye mwini. Pa Yohane 3:16 amene anakonda n'kupereka ndi Atate. Cholakwika china ndi kulekera pa Lachisanu Loyera, osafika pa kuuka kwake. Paulo pa 1 Akorinto 15:17 akuti ngati Khristu sanauke, tikadali m'machimo athu.

Chisomo

Waganyu akalima mizere imene anapangana, ndalama imene amalandira madzulo sathokoza ngati mphatso. Ndi yake, ndipo akamanidwa akhoza kukadandaula kwa amfumu. Paulo akunena zomwezo pa Aroma 4:4, kuti aonetse kuti chisomo, chimene Akatolika amati chaulere, sichili m'gulu la malipiro.

Mkangano waukulu pa nkhaniyi unabukanso ku Africa. Pelagius, wochokera ku Britain, ankakhala ku Roma ndipo ankanyansidwa ndi ulesi wa Akhristu olemera. Atamva pemphero la Augustine, bishopu wa Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, lakuti Mulungu apereke chimene akulamula, kenako alamule chimene akufuna, anakwiya. Kwa iye, Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe. Tchimo la Adamu ndi chitsanzo choipa chabe, ndipo chisomo ndicho ufulu wosankha, malamulo, chikhululukiro ndi chitsanzo cha Yesu. Augustine anayankha kuti vuto lili pa kufuna kwenikweniko. Munthu amadziwa chabwino koma mtima umakokera kwina, monga akudandaulira Paulo pa Aroma 7. Kumuuza wodwala kuti aziyenda bwino sikumuchiza mwendo. Mabishopu a ku Africa anatsutsa Pelagius ku Carthage mu 418. Msonkhano wa ku Orange ku France mu 529 unawonjezera kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso, koma unakananso ganizo lakuti Mulungu anakonzeratu ena kuti achite zoipa.

Augustine anali ndi mfundo imodzi imene imamanga nkhani ziwirizi pamodzi, ndipo sitchulidwa mokwanira. Iye ankati chitsanzo chowala kwambiri cha chisomo ndi Yesu mwini. Kodi umunthu wa Yesu unachita chiyani kuti uyenere kukhala wa Mwana wa Mulungu? Palibe, chifukwa usanatengedwe kunalibe n'komwe. Sipanakhale munthu wina wa ku Nazarete amene anayamba wakhala wolungama, Mulungu n'kumukweza pambuyo pake. Mulungu ndiye anayamba. Mmene zinayambira kwa Mutu, amene ndi Khristu, ndi mmene zimayambira kwa ife ziwalo zake. Choncho munthu amene amaphunzitsa kuti Yesu ndi munthu wabwino amene anakwezedwa, kawirikawiri amatheranso pophunzitsa kuti ife tidzikweze tokha.

Pa moyo wa mpingo wa tsiku ndi tsiku chisomo chimaonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchiika pa mtengo. Mlaliki akanena kuti machiritso kapena madalitso adzabwera molingana ndi kukula kwa "mbewu" imene mwafesa, kapena akagulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa, wabwerera kwa Simoni wa pa Machitidwe 8:18-20, amene Petro anamuuza kuti ndalama zake ziwonongeke naye pamodzi. Chopereka ndi chabwino, koma ndi chothokozera. Njira yachiwiri ndi kuchisandutsa chilolezo: poti takhululukidwa, tichite zimene tikufuna. Paulo anaziyankha pa Aroma 6:1-2, ndipo Tito 2:11-12 ikuti chisomo chomwecho chimatiphunzitsa kukana zoipa. Amene amawerenga Aefeso 2:8-9 osafika pa ndime 10 wasiya chiganizo pakati, pakuti pamenepo akuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Ntchito zimabwera pambuyo, ngati zipatso, ndipo Yakobo 2:17 ikuti zikasowa, chikhulupirirocho n'chakufa.

Pakati pa Akatolika ndi Achiprotestanti, kusiyana kunakula kuchokera mu 1517, pamene Martin Luther anatsutsa malonda a zikalata zochotsera zilango za machimo. Mbali zonse ziwiri zimakana Pelagius. Zimasiyana pa mmene chisomo chimagwirira ntchito. Luther ankati Mulungu amamuyesa wochimwa wolungama chifukwa cha chilungamo cha Khristu, cholandiridwa ndi chikhulupiriro chokha, ndipo kusintha kwa moyo kumatsatira. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent, m'chigamulo chake cha 1547, unati kulungamitsidwa si kukhululukidwa kokha, komanso kuyeretsedwa ndi kukonzedwanso m'kati, munthu akugwirizana ndi chisomo chimene chayamba kale kumukoka. Achiprotestanti ankaopa kuti izi zimubwezera munthu ku kudalira ntchito zake. Akatolika ankaopa kuti za Luther zimusiya munthu ali chimodzimodzi, atangofunditsidwa nsalu yoyera.

Pa 31 October 1999, ku Augsburg ku Germany, Mpingo wa Katolika ndi Lutheran World Federation, bungwe la mipingo ya Lutheran ya m'maiko osiyanasiyana, anasaina chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndi kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anagwirizana nacho mu 2006, ndipo World Communion of Reformed Churches mu 2017. Chikalatacho sichinathetse zonse. Mbali ziwirizi zimafotokozabe mosiyana ngati chilakolako chotsalira mwa munthu wobatizidwa chili tchimo lenileni, komanso tanthauzo la mphotho ya ntchito zabwino. Nkhani za purigatoriyo, udindo wa Papa ndi kudyera pamodzi Mgonero wa Ambuye zidakali pa zokambirana, ndipo magulu ena a Lutheran, monga Missouri Synod ya ku America, anakana chikalatacho ponena kuti chinaphimba kusiyana kumene kukadalipo.